Buku la Ngongole

Ndinalipeza pansi pa kauntala,
litakulungidwa m'pepala la shuga,
mphemvu zitadyako chikuto.

Tsamba loyamba ndi dzanja la agogo, a Yotamu,
zilembo zopendekera ngati mapesi pa mphepo ya Juni:
kalipentala wa ku Chilanga, tiyi ndi sikono, tiki.
Anabwera ku Joni ndi ketulo, makapu asanu
ndi chifuwa chosamva mankhwala.
Anayala mabenchi awiri pansi pa mthethe
pomwe basi ya ku Mzimba inkaima kuti injini ipume,
nakhoma thabwa lolemba ndi phula:
MLENDO NDI MAME.
Kalipentalayo sanalipire.
Anangopanga tebulo iyi ndatsamirayi.

Pakati pa buku dzanja likusintha.
Amayi, a Esinati, ankadinikiza bolopeni
mpaka tsamba kuboola.
Ndiwo anachotsa udzu nakhoma malata,
ndiwo anabweretsa mpunga, nyemba, mbuzi ya Loweruka.
Fodya akagulidwa,
alimi ankalowa muno chifuwa patsogolo,
nkhuku yathunthu munthu mmodzi,
Fanta kugulira aliyense wodutsa.
Januwale akafika, omwewo,
chipewa m'manja, mawu pansi:
Mayi, tangolembani.

Amayi anali ndi zizindikiro ziwiri.
Mzere kudula dzina, ndiye kuti walipira.
Kamtanda pambali, ndiye kuti tinakamuika.

Chaka chomwe anthu ankapera zitsa za nthochi
masamba asanu ndi awiri ndi maina okhaokha,
palibe mtengo, palibe tsiku.
Matenanti a m'maesiteti ankakhala pakhonde
osayitanitsa kanthu, kungomvera fungo.
Ine ndinali ndi zaka khumi,
ndinkawapatsira madzi otsukira mpunga atawira ndi mchere.
Timitanda ta pamenepo
sindinamalize kutiwerenga.

Apa pali tsamba long'ambidwa.
Ndi la amalume a Filimoni,
omwe ankafuna muno mukhale bala,
nanyamula ndalama za m'chitini usiku wa Khirisimasi.
Anabwerako patatha zaka zinayi, nsapato zosiyana.
Amayi sanawafunse kanthu.
Anawaikira mbale, kenako anatsegula buku,
nalemba dzina lawo ngati la wina aliyense.

Lero ndine.
Filiji ikudikira magetsi ngati mkazi wa dalaivala wa lole.
Mitengo ndimalemba ndi choko
poti mafuta ophikira amadzuka ndi mtengo wina.
Ambiri amalipira pafoni,
ndalama yosanunkha thukuta,
ndipo pakhoma ndinapachika chikwangwani:
NGONGOLE MAWA.
Mwana wanga Lonjezo akuti akakhale namwino ku Lilongwe,
sakufuna kufa akununkha anyezi.
Sindinamutsutse.

Lachiwiri kunabwera bambo wa tayi,
galimoto anaimika pomwe panali mthethe.
Akuti bambo awo anali tenanti cha ku Lisasadzi,
ndipo asanatsikire kuli chete anawauza kuti
ku Kasungu, pafupi ndi depoti, kuli ngongole.
Tinafufuza ndi chala mpaka tinawapeza:
Layisoni, ndi ana atatu.
Zingati? anafunsa.
Ndinawaonetsa tsambalo. Palibe mtengo.
Anavula magalasi nawapukuta nthawi yaitali,
kenako anayitanitsa tiyi ndi sikono,
nadya pang'onopang'ono, kuyang'ana khonde.
Atapita ndinadula dzinalo ndi mzere.
Dzanja langa ndi lopepuka, silinaboole.

Madzulo ano phiri la Kasungu latenga mtambo,
malole a fodya akulira pamsewu waukulu.
Mnyamata wa kabaza wamaliza nyemba zake,
wapukuta mbale ndi chala,
tsopano akupapasa matumba onse
akudziwa bwino kuti mulibe kanthu.
Akuyang'ana chikwangwani changa chija.

Kwatsala masamba asanu ndi anayi.
Iwe, dzina ndani?